Kayezedwe ka Okosijeni Wochepa Kwambiri m'Zinthu za Kaboni

Funso limene ndafunsidwa kambirimbiri ndi anthu amene angoyamba kumene ntchito ya m'labotale, ngakhalenso ena amene akhalitsa pa ntchitoyi, ndi lakuti: "Makina akusonyeza kuti m'sampulo yanga muli okosijeni wokwana 0.2 peresenti, kodi nambala imeneyi ndiikhulupirire?" Yankho langa limakhala lalitali nthawi zonse, choncho ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense wofuna adziwerengere yekha. Ndikunena za zinthu zimene maziko ake ndi kaboni ndi haidirojeni, monga mafuta a galimoto, mafuta ofewetsera makina, sera, labala ndi mapulasitiki a mtundu wa polyethylene, zimene mwachibadwa zimakhala ndi okosijeni wochepa zedi kapena sizikhala naye n'komwe. Okosijeni akayamba kupezeka m'zinthu zotere, kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti zayamba kuwonongeka ndi mpweya, kutentha kapena dzuwa, kapenanso kuti ntchito yoziyenga sinathe bwino.

Choyamba, musayese kupeza okosijeni wochepa chonchi mwa njira yochotsera, imene munthu amayeza kaboni, haidirojeni, naitirojeni, sulufule ndi phulusa, kenaka n'kunena kuti chotsala pa 100 peresenti ndiye okosijeni. Njirayi imagwiritsidwa ntchito poyeza malasha, koma muyeso wa kaboni pawokha ukhoza kuphonya ndi 0.3 peresenti popanda aliyense kuudandaula, ndipo kuphonya kwa miyeso yonseyo kumakaunjikana pa chotsalacho. Ngati mukufunafuna 0.1 peresenti, ndiye kuti cholakwa chaposa kale chinthu chimene mukuchifunacho. Okosijeni wochepa ayenera kuyezedwa mwachindunji.

Njira yachindunji imene tonse timatsata inachokera kwa katswiri wa sayansi wotchedwa Schütze mu 1939 ndipo inakonzedwanso ndi katswiri wina, Unterzaucher, mu 1940. Sampulo imatenthedwa kwambiri m'malo opanda mpweya wa okosijeni kuti iphwanyike, zimene akatswiri amazitcha pyrolysis. Mipweya yotulukamo imadutsa pa kaboni wotentha, ndipo okosijeni yense, kaya anatuluka ngati madzi kapena ngati carbon dioxide, amasanduka carbon monoxide, umene mwachidule timalemba CO. Choncho chimene makina amawerenga ndi CO, ndipo makinawo sadziwa kumene okosijeni wa mu CO ameneyo wachokera. Wa m'sampulo, wa m'chinyezi, wa mumpweya wa m'chipinda ndi wa pa zala zanu, yense amafika pa chowerengera ali wofanana. Mfundo imeneyi ndi imene yatsogolera ndondomeko yonse ili m'munsimu.

1. Onetsetsani kuti njirayi ikuyenerera sampulo yanu

Musanayatse ng'anjo, funsani mwini sampulo kuti akuuzeni zimene zilimo. Ngati muli fluorine, dziwani kuti amadya galasi la quartz la chubu chotenthetseramo n'kumasula okosijeni wa m'galasilo, motero nambala imakwera mwabodza. Phosphorus nayenso amasokoneza muyeso. Ngati muli zitsulo monga sodium, calcium ndi aluminium, izi zimagwira okosijeni mwamphamvu osamutaya, ndipo nambala imatsika. Mapulasitiki ambiri amathiridwa ufa woyeretsa kapena wolimbitsa, monga titanium dioxide kapena calcium carbonate, ndipo wachiwiriyu amatulutsa carbon dioxide akatenthedwa, amene adzawerengedwa ngati okosijeni wa pulasitikiyo. Wotchani kachigawo ka sampulo kuti muone ngati ikusiya phulusa, ndipo ngati ikusiya, lembani zimenezo pamodzi ndi zotsatira zanu.

2. Konzani makina ndipo muwapatse nthawi

Makina ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito heliyamu kunyamula mipweya, kaboni wokutidwa ndi nickel wotenthedwa pafupifupi madigiri 1060, chubu cholekanitsa mipweya chodzazidwa ndi molecular sieve (timiyala tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso), ndi chowerengera chimene chimazindikira CO poona mmene mpweya ukuperekera kutentha kapena mmene ukumezera kuwala kwa infrared. Unterzaucher ankagwiritsa ntchito kaboni wamba pa madigiri 1120, ndipo kaboni wosakaniza ndi platinum anatsitsa kutenthako kufika pa madigiri 900. Palinso makina amene ng'anjo yake imafika madigiri 1400 kapena kuposerapo, m'mene sampulo imagwera mu chubu cha glassy carbon (kaboni wolimba wooneka ngati galasi) m'malo mwa quartz. Tsatirani kutentha kumene opanga makina anu analemba. Musakweze poganiza kuti mukuthandiza, chifukwa quartz ikatentha mopitirira imayamba kuchitana ndi kaboni n'kutulutsa CO yake yake.

Heliyamu akhale woyera kufika 99.999 peresenti, ndipo pakati pa silinda ndi makina pakhale zosefera zogwira okosijeni ndi chinyezi. Yesani ngati pali podontha mpweya nthawi iliyonse imene mwatsegula chubu kapena kusintha silinda. Chubu chatsopano chimakhala chodzaza ndi chinyezi ndi mpweya umene unamatirira pa kaboni, choncho chisiyeni chitenthe usiku wonse heliyamu akuyenda, ndipo m'mawa muponyemo masampulo angapo a chinthu chopanda okosijeni, monga anthracene, mpaka nambala zitakhazikika. Kumbukiraninso kuti CO ndi poizoni wopanda fungo, motero paipi yotulutsa mpweya ipite kunja kapena m'kabati yokoka utsi.

3. Samalirani makapisozi ndi zida zogwirira

Kapisozi ndi kachikho kakang'ono kachitsulo kopyapyala kamene timakulungiramo sampulo. Poyeza kaboni ndi naitirojeni timagwiritsa ntchito a tini, chifukwa tini amayaka mwamphamvu mu okosijeni n'kuthandiza sampulo kupsa, koma poyeza okosijeni timasankha a siliva, amene amabwera ndi okosijeni wochepa ndipo amagwirako chlorine ndi anzake. Aumitseni mu uvuni ndipo muwasunge mu desiccator, chimene ndi chiwiya chotsekeka bwino chokhala ndi mankhwala omwa chinyezi pansi pake. Kapisozi amene wayamba kuda kapena kuchita chikasu mumutaye. Musawakhudze ndi zala, ngakhale mutavala magolovesi, koma ndi timapani tachitsulo toyera. Mukatsuka timapanito ndi acetone kapena ethanol, dikirani tiume kotheratu mu uvuni, popeza mankhwala awiriwa ali ndi okosijeni wambiri.

4. Thanani ndi madzi

Pa kulemera kwa madzi, 88.8 peresenti ndi okosijeni. Izi zikutanthauza kuti sampulo imene ili ndi chinyezi cha 0.1 peresenti chabe idzaonetsa okosijeni wokwana pafupifupi 0.09 peresenti ngakhale ilibe wake n'komwe. Zinthu zolimba ziumitseni mu uvuni yochotsedwa mpweya mkati mwake, pa kutentha kochepa, kapena mu desiccator yokhala ndi phosphorus pentoxide. Cholakwa chimene ndachiona kwa anthu ambiri ndicho kuumitsa pulasitiki kapena labala mu uvuni wamba pa kutentha kwakukulu kwa maola ochuluka, poganiza kuti akuyeretsa, pamene kwenikweni akuchititsa kuti mpweya ulowe m'sampulo n'kuwonjezera okosijeni yemweyo amene akufuna kumuyeza.

Mafuta ndi zinthu zouluka msanga musaziumitse ndi moto, chifukwa mudzataya mbali yopepuka n'kusintha sampulo. M'malo mwake yezani madzi padera ndi njira ya Karl Fischer, tsiku lomwelo ndiponso kuchokera m'botolo lomwelo, kuti mudzachotsere pamapeto.

5. Dziwani blank yanu

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene mabuku a malangizo a makina amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi. Blank ndi muyeso umene mumapeza mukachita zonse monga mwa nthawi zonse koma popanda sampulo. Poyeza chinthu chokhala ndi okosijeni wa 20 kapena 40 peresenti, blank ndi kanthu kakang'ono kamene makina amakachotsa okha inu osadziwa. Poyeza okosijeni wochepa, blank ikhoza kufanana ndi sampulo kapena kuiposa.

Taonani manambala awa. Sampulo yolemera mamiligalamu 2 yokhala ndi okosijeni wa 0.1 peresenti ili ndi mamaikulogalamu 2 okha a okosijeni (miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000). Mpweya wa m'chipinda uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo mu mililita imodzi ya mpweyawo muli mamaikulogalamu pafupifupi 280. Choncho kampweya kokwana mamaikulolita 10 (mililita imodzi ndi mamaikulolita 1,000), kamene kangatsekeredwe mosavuta m'kapisozi wopindidwa mosasamala, kamabweretsa mamaikulogalamu 2.8, kuposa okosijeni yense wa m'sampuloyo.

Blank si imodzi, ndipo muyenera kuziyeza motsatana kuti mudziwe kumene vuto likuchokera. Yoyamba ndi ya makina okha: yendetsani muyeso popanda kugwetsa chilichonse ndiponso popanda kusuntha chogwetsera masampulo. Imene mwapezayo ikuchokera ku heliyamu, ku podontha, kapena ku quartz ndi kaboni. Yachiwiri ndi ya chogwetsera: chilekeni chizungulire n'kutsegula khomo lake popanda kapisozi. Ngati nambala yakwera, ndiye kuti heliyamu wotsuka kachipinda kodikiriramo sakukwanira kapena mphira wotsekera watha. Yachitatu ndi ya kapisozi wopanda kanthu, wopindidwa ndendende monga mudzapindira wa sampulo, ndi timapani tomweto, ndipo akhale pa mpweya nthawi yofanana ndi imene sampulo idzakhale. Yachinayi, imene anthu ambiri saichita, ndi ya kapisozi wokhala ndi chinthu chopanda okosijeni cholemera mofanana ndi sampulo yanu, monga anthracene woyeretsedwa ndi wouma. Imeneyi ndi yofunika chifukwa haidirojeni wotuluka m'sampulo yeniyeni amatha kukolopola okosijeni amene anamatirira m'chubu, amene kapisozi wopanda kanthu sangamusunthe. Mwa zinayi zonsezi, yomalizayi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi zimene sampulo yanu idzakumana nazo.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chingakuthandizeni kusiyanitsa mpweya ndi chinyezi. Pa chithunzi cha zotsatira, pamene mpweya uliwonse umaoneka ngati nsonga pa mzere, naitirojeni amatuluka CO asanatuluke. Ngati blank yanu ili ndi nsonga ya naitirojeni yooneka bwino, walowa ndi mpweya wa m'chipinda, popeza mbali yaikulu ya mpweyawo ndi naitirojeni. Ngati CO wakwera koma naitirojeni palibe, kayikirani madzi, mafuta a pa zala kapena fumbi.

Za fumbi ndinaphunzira movutikira. Nthawi ina ndinali kuyeza pulasitiki, ndipo mwa makapisozi asanu alionse, mmodzi ankatulutsa nambala yoposa anzake kuwirikiza kawiri. Ndinasintha mphira wotsekera, ndinasintha zosefera, ndinataya masiku awiri osapeza kanthu. Tsiku lachitatu ndinaika kapisozi wopinda kale pansi pa galasi lokulitsa, ndipo m'mphepete mwa mpindiro ndinaona kaulusi koyera, kopyapyala kuposa tsitsi, katapanikizika pakati pa siliva. Kanachokera ku pepala lofewa limene ndinkapukutira kasupuni kotengera sampulo. Pepala ndi thonje ndi cellulose, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi okosijeni, motero kaulusi ka mamaikulogalamu 5 kamabweretsa okosijeni woposa wa m'sampulo yonse. Kuyambira pamenepo sindilola pepala kapena nsalu ya thonje pafupi ndi sikelo, ndipo kapisozi aliyense ndimamuyang'ana pa galasi ndisanamuike m'makina.

Kukula kwa blank si kumene kumadetsa nkhawa kwambiri, chifukwa blank yokhazikika imachotseka. Chodetsa nkhawa ndi kusinthasintha kwake. Yezani blank yachitatu kapena yachinayi kosachepera kakhumi, kenaka muwerengere standard deviation, imene ndi nambala yosonyeza mmene miyeso yabalalikira kuchoka pa avereji yake. Mukaichulukitsa katatu mumapeza malire amene pansi pake simunganene motsimikiza kuti okosijeni alipo, ndipo mukaichulukitsa kakhumi mumapeza malire amene pamwamba pake mungatchule nambala yodalirika. Tiyerekeze kuti kubalalikako ndi mamaikulogalamu 0.3. Ndiye kuti malire oyamba ndi 0.9 ndipo achiwiri ndi 3. Ngati mukuyembekezera okosijeni wa 0.05 peresenti, mufunika sampulo yosachepera mamiligalamu 6 kuti mufike pa mamaikulogalamu 3. Kuwerengera kumeneku ndi kumene kuyenera kukuuzani kulemera kwa sampulo, osati chizolowezi.

6. Pimani ndi kutseka

Gwiritsani ntchito sikelo yowerenga mpaka maikulogalamu imodzi. Ikani sampulo pansi penipeni pa kapisozi, finyani mbali za kapisoziyo kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti mpweya utuluke, pindani kukamwa kwake kawiri, kenaka mumuumbe akhale kampira kolimba kopanda mphako. Musapumire pa kapisozi wotsegula ndipo musalankhule mutaweramira pa iye, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi chambiri. Pa zamadzimadzi gwiritsani ntchito makapisozi olimba osalala amene amatsekedwa ndi chida chofinyira pamene heliyamu kapena argon akuuzira mkati mwake, ndipo mukatseka, siyani kapisoziyo pa sikelo kwa mphindi imodzi. Ngati kulemera kukutsika, ndiye kuti akudontha, mutayeni.

Musachulutse sampulo mopitirira zimene opanga makina analola. Mafuta ochuluka amatulutsa haidirojeni ndi methane wambiri nthawi imodzi, nsonga zake zimatambalala n'kuphimba ya CO, ndipo mwaye umadzaza chubu msanga.

7. Linganizani makina pa mlingo umene mukuyezapo

Kulinganiza makina ndiko kuyeza mankhwala amene okosijeni wake ndi wodziwika kale, kuti mudziwe kuti nsonga ya kukula kwakuti ikuimira mamaikulogalamu angati. Odziwika bwino ndi benzoic acid amene ali ndi 26.20 peresenti, sulfanilamide 18.58, acetanilide 11.84, BBOT 7.43 ndi cholesterol 4.14. Cholakwa chofala ndicho kulinganiza ndi miligalamu imodzi ya benzoic acid, imene ili ndi mamaikulogalamu 262 a okosijeni, kenaka n'kuyeza sampulo ya mamaikulogalamu 3 pokhulupirira kuti mzerewo ndi wowongoka mpaka pansi. Miyeso yanu yolinganizira iyenera kuzungulira sampulo, ina pansi ina pamwamba.

Vuto ndi lakuti mamaikulogalamu 3 a okosijeni ali mu mamaikulogalamu 11 okha a benzoic acid, ndipo palibe amene angapime kulemera kotero molondola. Pali njira ziwiri zozembera vutoli. Mungasankhe mankhwala a okosijeni wochepa, monga cholesterol, amene pa miligalamu 0.1 amapereka mamaikulogalamu 4.1. Kapena mungasungunule mankhwala odziwikawo mu toluene kapena isooctane wouma kwambiri, n'kutenga timadontho toyezedwa ndi jakisoni wa mamaikulolita, pokumbukira kuyezanso blank ya chosungunuliracho. Pa mafuta, ine ndimakonda kuthira mankhwala odziwika m'sampulo yeniyeniyo pa milingo itatu yosiyana, chifukwa ndikatero ndimaona ngati okosijeni amene ndawonjezera akubwerera yense.

8. Sanjani miyeso mwanzeru

Yambani ndi ma blank, kenaka mankhwala olinganizira kuyambira wochepa kupita wochuluka, kenaka ma blank ena awiri kapena atatu mpaka nambala itabwerera pamene inali. Chubu chimasunga kakumbukiro ka sampulo yapitayo, choncho sampulo yochepa okosijeni ikatsatana ndi yochuluka imaoneka yokwera. Sampulo iliyonse iyezeni kosachepera katatu, ndipo ikani blank pakati pa masampulo angapo alionse kuti muone ngati ikukwera pamene tsiku likupita. Musadzaze chogwetsera ndi makapisozi ambiri oti adikire maola, pokhapokha ngati chili chotsekeka ndi chodzazidwa ndi heliyamu. Siliva amasungunuka pa madigiri 962, motero amaunjikana m'chubu pamodzi ndi mwaye, ndipo mukaona nsonga ya CO ikuyamba kukoka mchira, yakwana nthawi yochotsa zotsalirazo. Yang'aniraninso chosefera cha soda lime chimene chimagwira mipweya ya asidi yochokera ku chlorine ndi sulufule. Magnesium perchlorate womwa madzi musamusakanize ndi zinyalala za mafuta kapena mapepala, chifukwa angayambitse moto.

Kwa amene alibe chowerengera chamakono, njira yakale ikugwirabe ntchito. CO amadutsa pa iodine pentoxide wofunda pafupifupi madigiri 120 n'kumasula ayodini, amene amachulukitsidwa kasanu ndi kamodzi pogwiritsa ntchito bromine ndi potassium iodide, kenaka n'kuyezedwa ndi sodium thiosulfate. Mililita imodzi ya thiosulfate wa mphamvu ya 0.02 N imaimira mamiligalamu 0.133 a okosijeni. Zonse zimene ndanena za blank zimagwiranso ntchito kumeneko, ndipo sulufule amavutitsa kwambiri chifukwa mipweya yake imamasulanso ayodini.

9. Werengerani ndi kulemba zotsatira

Chotsani avereji ya blank pa mamaikulogalamu amene mwapeza, gawani ndi kulemera kwa sampulo m'mamaikulogalamu, ndipo muchulukitse ndi 100. Ngati munayeza madzi padera, chulukitsani peresenti ya madziwo ndi 0.888 n'kuichotsa. Mwachitsanzo, mafuta amene aonetsa okosijeni wa 0.30 peresenti ndipo ali ndi madzi a 0.12 peresenti, okosijeni wa m'madziwo ndi 0.11, ndipo wotsala wa mafuta enieniwo ndi 0.19 peresenti.

Polemba lipoti, musapereke nambala yokhayokha. Lembani kulemera kwa sampulo, mmene munaiumitsira, kuchuluka kwa miyeso, kubalalika kwake, kukula kwa blank ndi malire awiri aja. Ngati ma blank ena anatulukira pamwamba, musawachotse powerengera pokhapokha mutapeza chifukwa chooneka, monga kapisozi wong'ambika, ndipo chifukwacho muchilembe. Zotsatira zikagwa pansi pa malire oyamba, musalembe ziro ndipo musalembe nambala imene makina asonyeza, koma lembani kuti okosijeni ndi wochepera pa malirewo n'kutchula malirewo m'maperesenti. Zikagwa pakati pa malire awiriwo, lembani kuti okosijeni wapezeka koma kuchuluka kwake sikungatchulidwe motsimikiza, ndipo ngati mwini sampulo akufunabe nambala, bwererani pa gawo lachisanu, muonjezere kulemera kwa sampulo kapena muchepetse kubalalika kwa blank, n'kuyezanso.